Manja olimba a ku Liwaladzi ndi zomwe masewera a hockey ndi tenisi amafuna

Dera la Liwaladzi, lomwe lili m'mbali mwa msewu wa M5 pakati pa boma la Nkhotakota ndi Dwangwa, silisowa anthu a manja olimba. Msodzi amafumbata nkhafi usiku wonse, okoka khoka amalimbana ndi chingwe mpaka zikhatho kuchita zikang'a, wodula nzimbe sasiyana ndi chikwanje, ndipo mayi wosinja mpunga amakweza munsi kosawerengeka. Pa chifukwa chimenechi, nkhani yolimbitsa manja imamveka ngati ya anthu a m'tauni amene amagwira cholembera tsiku lonse. Komabe mnyamata wa kunyanja akapatsidwa ndodo ya hockey kapena raketi ya tenisi, amadabwa kuona kuti mkono umene umakoka khoka osatopa wayamba kuwotcha pasanathe mphindi makumi awiri. Mphamvu ali nazo ndithu, koma ndi za mtundu umodzi, pamene masewerawa amafuna mitundu ingapo.

Masewera amene afala m'boma lino ndi mpira wamiyendo ndi wamanja. Hockey inakhazikika kwambiri mumzinda wa Blantyre, komwe kuli bwalo la kapinga wochita kupanga pafupi ndi Kamuzu Stadium, ndipo imayendetsedwa ndi bungwe la Hockey Association of Malawi. M'chaka cha 2023 bwaloli linalandira mpikisano wa makalabu a mu Africa. Tenisi ndi squash zakhala zikuseweredwa m'makalabu monga ya Kasasa ku Dwangwa, kumene mwana wa kumudzi safikako kawirikawiri. Zipangizo za masewerawa n'zodula, ndipo magulu a achinyamata amene amazipempha kudzera m'makomiti a chitukuko amadikira nthawi yaitali, chifukwa milatho, mijigo ndi midadada ya sukulu ndizo zimakhala patsogolo. Koma kukonzekeretsa thupi sikulira ndalama za chitukuko, ndipo kungathe kuyamba ndodo ndi maraketi zisanafike.

Kuti nkhaniyi imveke, m'pofunika kudziwa kapangidwe ka mkono. Minofu yambiri imene imayendetsa zala siili m'dzanja ayi, koma m'chigawo cha mkono cha pakati pa chigongono ndi dzanja. M'menemo muli minofu pafupifupi 20, yomwe imalumikizana ndi zala kudzera m'mitsempha yaitali yonga zingwe. Ya mbali ya chikhatho ndiyo imapinda zala kuti zifumbate. Ya mbali ya kumsana kwa dzanja imatambasula zala ndi kudzutsa dzanja. Palinso ina imene imatembenuza mkono kuti chikhatho chiyang'ane kumwamba kapena pansi, monga mmene zimachitikira potsegula chitseko ndi kiyi. Ntchito za kunyanja ndi kumunda zimakuza kwambiri gulu loyambalo, pakuti nkhafi, khasu ndi chingwe zonse zimafuna kufumbata ndi kukoka. Magulu awiri enawo amatsalira, ndipo ndi amene masewera a ndodo ndi raketi amawalemetsa.

Pa hockey, malamulo amalola kumenya mpira ndi mbali yophwatalala yokha ya ndodo. Wosewera akafuna kuyendetsa mpira uku ndi uku ayenera kutembenuza ndodo nthawi iliyonse, ndipo ntchito yotembenuzayo imagwiridwa ndi dzanja lamanzere lomwe limakhala pamwamba pa mpini. Lamanja limakhala m'munsi, logwira mofewa kuti ndodo izizungulira m'kati mwake. Luso limeneli linatchuka ndi osewera a ku India ndi Pakistan m'zaka za m'ma 1950, ndipo mpaka lero limatchulidwa ndi dzina la India. Ndodo ya hockey siloledwa kupitirira magalamu 737 ndipo mpira umalemera pakati pa magalamu 156 ndi 163. Kulemera kumeneku n'kochepa poyerekeza ndi khasu, koma masewera amatenga mphindi 60, m'zigawo zinayi za mphindi 15, ndipo dzanja lamanzere limatembenuza ndodo mazanamazana. Kulibenso ndodo ya anthu amanzere. Onse amagwira mofanana. Motero munthu amene wakula akugwira chikwanje ndi dzanja lamanja amapeza kuti dzanja lake lofooka ndilo lapatsidwa udindo waukulu.

Pa masewera a raketi vuto limakhala lina. Raketi ya tenisi ya munthu wamkulu imalemera pafupifupi magalamu 300, ya badminton siifika n'komwe magalamu 100. Chimene chimafunika si kufinya mpini mwamphamvu nthawi zonse, koma kuugwira mofewa, kuufinya m'kanthawi kamene mpira ukugunda zingwe, kenaka kumasulanso. Wofinya mpini kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto amatopa msanga ndipo mpira wake umapita kosayenera. Apa ndi pamene anyamata amphamvu amagonja kwa anzawo ooneka ochepa thupi. Pomenya mpira ndi kumsana kwa raketi, minofu yodzutsa dzanja ndiyo imalandira kugunda konse, ndipo imakoka pa kafupa kotukuka ka kunja kwa chigongono. Ikalemedwa mobwerezabwereza, malo amenewa amayamba kupweteka, vuto lomwe madokotala amalitcha tennis elbow. Dzinalo lisanamize munthu: ambiri amene amadwala matendawa sanagwirepo raketi, ndipo akalipentala, omanga nyumba ndi odula nzimbe amawadziwa bwino.

Zolimbitsa thupi zoyenera zimayamba ndi mchenga, umene ku Liwaladzi suchita kugula. Osewera baseball ku America ndi okwera mapiri amalowetsa manja m'ndowa yodzaza mpunga n'kumatambasula ndi kupinda zala. Kuno, ngakhale mpunga umalimidwa kwambiri m'madambo a Bua ndi madera ozungulira, palibe kholo limene lingalole ndowa ya chakudya kusanduka chosewerera, ndipo lili ndi chifukwa. Mchenga wouma, wosefedwa bwino kuti muchoke magalasi, minga ndi mbedza zakale, umagwira ntchito yomweyo. Wosewera amalowetsa dzanja mpaka kupitirira mfundo yake, amafumbata, amatambasula zala zonse mokankha mchenga, kenaka amazunguza dzanja kumanja ndi kumanzere. Masekondi 30 pa kachitidwe kalikonse ndi okwanira poyamba. Ubwino wa mchenga ndi wakuti umakaniza mbali zonse, choncho minofu yotambasula zala imene ntchito za tsiku ndi tsiku zimaiiwala imapeza chochita.

Chachiwiri ndi mpini wa khasu wopanda khasu lake, kapena hamala. Wosewera amakhala pansi, chigongono chitapindika ndi kutsamira pantchafu, n'kugwira mpini kumapeto utaimirira. Amaugoneka pang'onopang'ono mbali ina mpaka chikhatho chiyang'ane kumwamba, n'kuubweza mpaka chiyang'ane pansi. Akagwira pafupi ndi pakati umapepuka, akagwira kumapeto kwenikweni umalemera, kotero mpini umodzi umakwanira mwana ndi wamkulu yemwe. Kwa wosewera hockey palibe cholimbitsa thupi choposa ichi, ndipo dzanja lamanzere liyenera kuyamba ndi kulandira gawo loonjezera. Kasanu ndi katatu mpaka kakhumi ndi kawiri mbali iliyonse, maulendo awiri kapena atatu, ndiye muyeso wabwino.

Chachitatu chimateteza chigongono. Botolo la lita imodzi lodzaza madzi limalemera kilogalamu imodzi, ndipo pamenepa ndi poyambira pabwino. Mkono umagonekedwa patebulo kapena pantchafu, chikhatho chitayang'ana pansi, dzanja litalendewera kumapeto. Botolo limadzutsidwa, kenaka limatsitsidwa mosathamanga, munthu akuwerenga mpaka kanayi. Kutsitsa pang'onopang'onoku ndiko kofunika kwambiri, ndipo ndi njira imene akatswiri othandiza ovulala m'zipatala amagwiritsa ntchito pochiza tennis elbow. Achinyamata amakonda kudumpha gawo limeneli chifukwa silioneka lachamuna, komatu ndi limene limasiyanitsa wosewera chaka chonse ndi wokhala panja atamanga chigongono. Kachidutswa ka chubu cha njinga kokulungidwa pa zala zonse zisanu, zala n'kumatambasuka mokakankha, kamathandiza minofu yomweyo.

Zina n'zodziwika kale ndipo sizifuna mawu ambiri. Kunyamula zigubu ziwiri zamadzi, chimodzi dzanja lililonse, n'kuyenda nazo mamita 20 kapena 30 msana utawongoka, kumalimbitsa kufumbata. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, choncho ana ayenera kuyamba ndi cha malita asanu. Kulendewera pa nthambi yolimba kapena pa chitsulo, kupota thaulo lonyowa mbali zonse ziwiri, ndi kukulunga chingwe chomangidwa botolo pa kamtengo, zonsezi n'zothandiza. Koma wa kunyanja kapena kumunda asatayepo nthawi yambiri, chifukwa mphamvu ya mtundu umenewu anaipeza kale.

Kuchuluka kwa zolimbitsa thupi kumafuna nzeru kuposa mtundu wake. Masiku awiri kapena atatu pa sabata, mphindi 10 mpaka 15, ndi okwanira, ndipo pakati pake pazikhala tsiku lopuma. Zichitike masewera atatha, osati asanayambe, popeza dzanja lotopa limalephera kugwira ndodo moyenera ndipo limaphunzira zolakwika. Minofu imalimba msanga kuposa mitsempha yoilumikiza ku mafupa, yomwe imafuna miyezi iwiri kapena itatu kuti isinthe. Ngozi imabwera pa sabata lachitatu kapena lachinayi, pamene wosewera wayamba kudzimva mphamvu n'kuwirikiza katundu mitsempha isanakonzeke. Mphunzitsi wanzeru amawerengeranso ntchito za pakhomo: mwana amene wapalira m'mawa wonse kapena watunga madzi maulendo asanu pa mjigo wachita kale gawo lalikulu la tsikulo, ndipo nyengo yolima ndi yokolola mpunga zolimbitsa manja ziyenera kuchepetsedwa.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a chaka cha 2020, limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa minofu ndi mafupa masiku osachepera atatu pa sabata, ndipo akuluakulu masiku osachepera awiri. Chikhulupiriro chakuti kunyamula zinthu kumapinimbiritsa mwana chilibe umboni ngati katunduyo ndi woyenera msinkhu wake ndipo pali wamkulu woyang'anira. Komabe mafupa a mwana amakhala ndi malo ofewa kumapeto, pamene amakulira, ndipo malowa amavulala ndi katundu wolemera mopitirira. Malangizowa asasanduke chifukwa chotumizira ana kukakoka khoka nthawi ya sukulu ponena kuti akulimbitsa manja. Imeneyo ndi ntchito yolemetsa ana, ndipo malamulo a dziko amailetsa.

Atsikana sayenera kusiyidwa m'mbuyo pa nkhaniyi. Hockey, tenisi, squash ndi badminton zonse zili ndi mipikisano ya amayi, ndipo osewera mpira wamanja, amene ndi ochuluka m'sukulu za m'derali, amapindula ndi zala zolimba powakha ndi poponya mpira.

Chipangizo chenichenicho chimathanso kuvulaza. Maraketi ambiri amene amafika kumidzi ndi apakaunjika kapena opatsidwa, ndipo mipini yake siifanana kukula. Njira yoyesera ndi yapafupi: munthu akagwira mpini wa raketi ya tenisi, pakati pa nsonga za zala ndi mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu payenera kutsala mpata wokwana chala chimodzi. Mpini wochepa kwambiri kapena woterera umakakamiza dzanja kufinya mopitirira, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala pamene thukuta silisiya chikhatho. Kuukulunga ndi nsalu yopyapyala kapena kansalu ka thaulo kumathetsa vutoli. Mwana wosakwana zaka khumi asapatsidwe raketi ya munthu wamkulu, ndipo ndodo ya hockey imayenera kufika cha m'chiuno mwa woigwira.

Mphamvu ya kufumbata ili ndi tanthauzo lopitirira masewera. M'chaka cha 2015 magazini ya zaumoyo ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa anthu pafupifupi 140,000 a m'maiko 17, amene anapeza kuti kuchepa kulikonse kwa makilogalamu 5 pa mphamvu ya kufumbata kunkayendera limodzi ndi kukwera kwa chiopsezo cha imfa ndi 16 pa 100 alionse. Izi sizikutanthauza kuti kufinya mchenga kumatalikitsa moyo. Dzanja limangoonetsa mmene thupi lonse lilili. Ofufuzawo anagwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa dynamometer, komwe sukulu ya kumudzi singakhale nako. Mphunzitsi wa zamasewera angathe kuyeza m'njira yake: masekondi amene wosewera amalendewera pa chitsulo, ndi kuchuluka kwa maulendo amene amatembenuza mpira ndi ndodo pa mtunda wa mita imodzi m'mphindi imodzi. Ziwerengerozi zikalembedwa m'kope kumayambiriro ndi kumapeto kwa teremu, gulu limakhala ndi umboni woonetsa ku komiti ya chitukuko cha m'dera kapena ku ofesi ya zamasewera ya khonsolo popempha zipangizo, ndipo pempho lokhala ndi kope lotere limamveka mosiyana ndi la pakamwa chabe.

Kuwawa kwa minofu kumene kumabwera tsiku lotsatira n'kutha pakapita masiku awiri kapena atatu si kodetsa nkhawa. Chofunika kusamala nacho ndi ululu wobaya pa kafupa ka chigongono, umene umamveka ponyamula kapu ya tiyi kapena popereka moni, komanso dzanzi m'zala, kutupa pa mfundo ya dzanja, kapena kugwetsa zinthu mosadziwa. Zikatero wosewera asiye chimene chikuyambitsa ululuwo, ndipo zikapitirira sabata ziwiri apite ku chipatala chapafupi, chomwe chingamutumize ku chipatala chachikulu cha boma pa Nkhotakota. Kutema mphini pa chigongono kapena kumeza mankhwala opha ululu n'kupitiriza kusewera kumangobisa vutolo, pamene tennis elbow yonyalanyazidwa imatha kutenga miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka, nthawi zina kupitirira, ndipo mkono womwewo ndi umene umafunika pa nkhafi ndi pa khasu.