Mankhwala Okutidwa ndi Mafuta

Doxorubicin ndi mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, koma sasankha: akamapha maselo a chotupa amafooketsanso mtima wa wodwala. Akatswiri anapeza njira yowatsekera m'timatumba ta mafuta, tating'ono zedi moti timatumba 10,000 titandandalikidwa tingakwane milimita imodzi yokha. Timatumbati timakhalitsa m'magazi, ndipo tambiri timatulukira m'mitsempha ya chotupa, yomwe imakhala yobookabooka, n'kutula mankhwalawo pomwepo.

Dziko la America linavomereza mankhwala otere, otchedwa Doxil, mu 1995 pochiza Kaposi sarcoma, khansa ya zigamba zakuda pakhungu imene alangizi a zaumoyo ku Malawi ndi Zambia amaidziwa bwino pakati pa anthu amene ali ndi HIV.

Luso lomweli lafewetsa ukali wa amphotericin B, mankhwala a matenda oumitsa khosi a cryptococcal meningitis. Kale wodwala ankalandira diripi kwa sabata yathunthu, impso zikuvutika. Kafukufuku wa AMBITION ku Malawi, Zimbabwe, Botswana, Uganda ndi South Africa anasonyeza kuti diripi imodzi ya mankhwala okutidwawa, pamodzi ndi mapiritsi a masiku 14, imakwanira, ndipo bungwe la WHO linavomereza njirayi mu 2022. Chikuvutabe ndi mtengo wake, womwe zipatala zambiri za m'maboma sizingaukwanitse pazokha.