Bishopu Amene Sanafike pa Mpando Wake

Pa 29 June 1895, m'tchalitchi chachikulu cha St Paul's mumzinda wa London, bambo Chauncy Maples anadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma mu mpingo wa Angilikani. Anali ndi zaka 43. Pa 2 September chaka chomwecho anamira m'nyanja yathu ino, akadali pa ulendo wopita ku dayosizi yawo. Ubishopu wawo unangokhala wa miyezi iwiri ndi masiku ochepa, ndipo dothi la Likoma sanalipondenso.

Ambiri a ife dzina limeneli timalidziwira pa sitima. Koma mwini dzinayo anagwira ntchito zaka 19 mu Africa asanavale chisoti cha ubishopu, ndipo munthuyo tingamudziwe bwino m'zaka zimenezo.

A Maples anabadwira ku England mu 1852. Anaphunzira ku Charterhouse, kenaka ku University College, Oxford, kumene anapalana ubwenzi ndi William Percival Johnson. Gwirani dzina limenelo, pakuti anthu awiriwa nyanja inadzawakumanitsanso. Onse analowa m'bungwe la amishoni la UMCA, limene linabadwa chifukwa cha pempho la David Livingstone ku Cambridge mu 1857. Bungweli linali litayesa kale kuno kwathu. Bishopu Mackenzie anamanga pa Magomero mu 1861, koma malungo anawatenga mu 1862, ndipo mishoni inasamukira ku Zanzibar. Kumeneko ndiko a Maples anafikira mu 1876, nadzozedwa unsembe ndi Bishopu Edward Steere.

Posakhalitsa anatumizidwa ku Masasi, kum'mwera kwa Tanzania wa lero. Masasi unali mudzi wa anthu owomboledwa mu ukapolo, ambiri mwa iwo ogwidwa m'madera ozungulira nyanja ino. Ananyamuka ku Zanzibar ndi mtima wobwerera kwawo, koma ulendo unathera panjira. Wansembe pamudzi wotere ankakhalanso woweruza milandu, mphunzitsi ndi woyang'anira nkhokwe. A Maples anaika mtima pa zinenero. Anaphunzira Chiyao ndi Chimakua, ndipo mu 1879 anatulutsa kabuku kothandiza ophunzira Chimakua. Ankayenda pansi maulendo ataliatali, kukhala pabwalo ndi mafumu, kumva nkhani m'chinenero cha eni ake popanda womasulira.

Mu 1882 kunagwa tsoka. Ankhondo a Magwangwara, Angoni a kum'mawa kwa nyanja, anatsikira pa Masasi. A Maples atamva mphekesera ananyamuka kukawachingamira kuti akambirane nawo, koma anasemphana njira. Ankhondowo anafika pamudzi iwo kulibe. Anthu ena anaphedwa, ena anatengedwa, ndipo ena mwa otengedwawo anachita kuwomboledwa ndi katundu. Tangoganizani, omvera: anthu amene anapulumuka kale m'goli la ukapolo, kugwidwanso pamudzi umene anauzidwa kuti ndi pothawira. Zitatha izi a Maples anasamukira ku Newala, kwa mfumu Matola.

Pamenepo n'kuti a Johnson atafika kale kunyanja. Sitima ya mishoni, Charles Janson, inayamba kuyandama mu 1885, ndipo chaka chomwecho mishoni inakhazikika pa chilumba cha Likoma, kumene madzi ankatchinjiriza anthu ku nkhondo za kumtunda. Mu 1886 a Maples anabwera kudzakhala akidikoni. Abwenzi aja anagawana ntchito monga mwa chibadwa chawo. A Johnson, amene maso awo anali ataonongeka kwambiri ndi matenda, sankakhazikika: ankayendayenda ndi sitima m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. A Maples ankasunga pamudzi, kuyang'anira sukulu, mapemphero, nyimbo ndi makina osindikizira mabuku. Mu 1893 anayambitsa nyuzipepala ya The Nyasa News, yosindikizidwa pa Likoma pomwepo, imodzi mwa zoyambirira m'dziko muno.

Chimene chimandikhudza ine pa moyo wa bambo ameneyu ndi kumene anaika chiyembekezo chawo. Azungu ankafa msanga kuno. Manda a amishoni ndi mboni. A Maples ndi anzawo ankadziwa kuti mpingo ukadzazika mizu, adzauzika ndi ana a dziko, m'chinenero chawo ndi m'makhalidwe a pamudzi pawo, osati potengera zonse za ku Ulaya. Mnyamata wina wa ku Newala, Yohana Abdallah, anatumizidwa ku Unangu pakati pa Ayao, nadzakhala wansembe mu 1898, ndipo pambuyo pake analemba buku la mbiri ya Ayao. Sitikunena kuti amishoni a nthawi imeneyo analibe zofooka. Ulamuliro anaugwira okha kwa nthawi yaitali kuposa m'mene kunayenerera. Koma aphunzitsi amene anatuluka pa Likoma ndiwo anayatsa moto m'midzi imene mzungu ankangoidutsa mwa apo ndi apo.

Dayosizi ya kunyanja itapatulidwa ku Zanzibar mu 1892, bishopu woyamba, Wilfrid Hornby, sanakhalitse chifukwa cha matenda. Maso onse anatembenukira kwa akidikoni wa pa Likoma.

Atadzozedwa, a Maples sanachedwe ku England. Anakwera ndi Zambezi ndi Shire mpaka kufika kum'mwera kwa nyanja, kumene anakwera boti lachitsulo lamatanga lotchedwa Sherriff, pamodzi ndi mmishoni mnzawo Joseph Williams. Asodzi onse amadziwa kuti nyanja iyi sichenjeza kawiri. Mphepo ikadzuka, mafunde amakula munthu akuona. Usiku wa pa 2 September, kufupi ndi gombe la dera la Salima, namondwe anagubuduza botilo. Amalinyero anasambira nafika kumtunda. A Williams anamira. Bishopu anayesa kusambira, koma mkanjo wawo unamwa madzi n'kuwalemera. Patapita masiku mtembo wawo unapezeka, ndipo anauika ku Nkhotakota, kumene manda awo ali m'tchalitchi cha All Saints.

Anzawo ku Britain anasonkha ndalama zogulira sitima yowakumbukira. Inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & MacLellan, n'kubwera kuno m'zidutswazidutswa. Pa mathithi a Shire, pamene boti silingadutse, katunduyo anasenzedwa pamutu, ndipo chitsulo chachikulu chowiritsira madzi a injini chinakokedwa pamtunda ndi amuna mazanamazana. Anailumikiza kwa Mponda, ndipo inalowa m'madzi mu 1901. Sitima ya Chauncy Maples inakhala tchalitchi, sukulu ya aphunzitsi ndi chipatala choyenda pamadzi. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse boma linaitenga kuti igwire ntchito za nkhondo, ndipo m'zaka za pambuyo pake inanyamula anthu wamba ndi katundu wawo. A Johnson anayenda nayo zaka zambiri. Anamwalira mu 1928 ndipo anaikidwa ku Liuli, kutsidya la Tanzania.

Pa Likoma, mpando unapita kwa Bishopu John Hine. Mu 1903, a Hine atachoka kale, mishoni inayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera pa Chipyela, malo amene kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Panapita zaka 70 kuchokera pa imfa ya a Maples kuti mwana wa dziko lino adzozedwe bishopu wa Angilikani. Izi zinachitika mu 1965, ndipo wodzozedwayo anali bambo Josiah Mtekateka, mbadwa ya pa Likoma.