Spain ikhwimitsa malamulo pa alendo ofuna kukhazikika m'magombe ake

Dziko la Spain, lomwe kwa zaka zoposa 60 lakhala likuitana anthu a m'maiko ozizira kuti adzawothere dzuwa m'magombe ake, layamba kukhwimitsa malamulo okhudza alendo ofuna kugula nyumba ndi kukhazikika m'dzikolo.

Pa 3 April 2025 boma lidathetsa chiphaso chotchedwa Golden Visa chomwe chidakhazikitsidwa m'chaka cha 2013. Chiphasochi chinkapatsa chilolezo chokhala m'dzikolo munthu wochokera kunja kwa mgwirizano wa maiko a ku Ulaya wa EU akagula nyumba kapena malo a ndalama zosachepera ma euro 500,000. Chidabwera pomwe nyumba zatsopano zikwizikwi zinkasowa ogula kutsatira mavuto a zachuma omwe adayamba m'chaka cha 2008. Patatha zaka 12, nyumba zomwe zija ndizo zidayamba kusowa kwa eni dziko.

Sikuti Spain yatopa ndi ndalama za alendo. M'chaka cha 2024 dzikolo lidalandira alendo ochokera kunja pafupifupi 94 miliyoni, pomwe anthu ake ndi 49 miliyoni, ndipo ntchito zokopa alendo zimabweretsa ndalama zoposa 12 pa 100 iliyonse ya chuma cha dziko. Mwa alendowa, oposa 18 miliyoni adachokera ku Britain.

Ntchitoyi idayambira m'midzi ya asodzi. Tawuni ya Benidorm, m'chigawo cha Alicante, inkadalira usodzi kufikira pomwe Pedro Zaragoza, yemwe adakhala mfumu ya tawuniyo m'chaka cha 1950, adaona kuti mchenga ndi dzuwa zingathe kudyetsa anthu kuposa nsomba. Iye adalola amayi ochokera kunja kuvala zosambira za bikini pagombe ngakhale akuluakulu a mpingo wa Katolika adatsutsa kwambiri, ndipo m'chaka cha 1956 khonsolo yake idavomereza pulani ya kamangidwe ka tawuniyo. Bwalo la ndege la Alicante litatsegulidwa m'chaka cha 1967, mahotela ataliatali adayamba kumera ngati bowa. Zomwezi zidachitikanso ku Torremolinos pafupi ndi mzinda wa Málaga, pa chilumba cha Mallorca komanso pa zilumba za Canary.

Akulu akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ku Spain mame ena sadakamuke. Anthu omwe ankabwera kudzapuma kwa sabata ziwiri adayamba kubwerera atapuma pantchito, atagulitsa nyumba zao ku Manchester kapena Düsseldorf ndi kugula zotsika mtengo ku Costa Blanca ndi Costa del Sol. Ulendo wa pandege kuchoka ku London kupita ku Málaga sukwana maola atatu, ndipo Spain italowa m'mgwirizano wa maiko a ku Ulaya m'chaka cha 1986, zopinga zambiri za kukhazikika m'dzikolo zidachoka pang'onopang'ono.

Nzika za Britain zolembedwa m'kaundula wa makhonsolo a ku Spain zilipo pafupifupi 300,000. M'matawuni ena aang'ono a m'chigawo cha Alicante, monga Rojales ndi San Fulgencio, obwera adachuluka kuposa eni nthaka. Ambiri amakhala m'midzi yaoyao ya nyumba zofanana momwe muli masitolo, malo omwera mowa, mipingo ndi nyuzipepala za m'Chingerezi, kotero kuti munthu atha kukhalamo zaka 20 osadziwa Chisipanishi choposa moni. Ali ndi ufulu woponya voti pa zisankho za makhansala, ndipo ena mwa iwo adasankhidwapo kukhala makhansala.

Kaundula wa khonsoloyu, yemwe amatchedwa padrón, ndiye wakhala mutu waukulu kwa akuluakulu a makhonsolo. Ndalama zomwe boma limatumiza ku khonsolo iliyonse zimatengera chiwerengero cha anthu olembedwa m'menemo, chimodzimodzinso chiwerengero cha makhansala. Koma obwera ambiri akhala akuzemba kulembetsa poopa msonkho, pakuti munthu wokhala ku Spain masiku oposa 183 pa chaka amayenera kukhoma msonkho kumeneko pa ndalama zonse zomwe amapeza, ngakhale zochokera kunja. Mapeto ake khonsolo imatola zinyalala, kupopa madzi ndi kukonza misewu ya anthu ochuluka kuposa omwe idalandirira ndalama.

Obwerawo nawonso adalawako zowawa za kufooka kwa makhonsolo. M'zaka zomwe ntchito yomanga idali pachimake, makhonsolo ena ankapereka zilolezo zomangira pa malo osaloledwa. Ku Marbella katangale adafika poti m'chaka cha 2006 boma lidathetsa khonsolo yonse, koyamba m'mbiri ya demokalase ya dzikolo, ndipo mumzindawo mudapezeka nyumba pafupifupi 30,000 zomangidwa mophwanya pulani. M'chigawo cha Almería okalamba ena a ku Britain omwe adagula nyumba ali ndi zikalata za khonsolo m'manja adauzidwa kuti nyumbazo n'zosavomerezeka, ndipo zina zidagwetsedwa. Boma la dera la Andalucía lidakhazikitsa lamulo lothandiza eni nyumba zotere m'chaka cha 2019, ena mwa ogulawo atamwalira kale.

Kutuluka kwa Britain mu EU pa 31 January 2020 kudasinthanso zinthu. Omwe adali atakhazikika kale chaka cha 2020 chisanathe adasunga ufulu wao. Koma kuyambira mu 2021 mzika ya Britain yopanda chilolezo chokhala ku Spain imaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 alionse, ngakhale ili ndi nyumba yakeyake kumeneko. Wopuma pantchito wofuna kukhazikika amayenera kuonetsa kuti amapeza ma euro pafupifupi 2,400 pa mwezi, ndalama zomwe penshoni ya boma la Britain payokha siifika. Kuyambira mu October 2025 zipata za maiko a ku Ulaya zidayamba kujambula nkhope ndi zidindo za zala za olowa, kotero kuti kupyola masiku mwakachetechete kukuvuta.

Pomwe khomo la okalamba linkachepa, lina lidatseguka. Kuyambira mu 2023 Spain imapereka chiphaso kwa anthu ogwira ntchito pa intaneti za makampani akunja. Achinyamata olandira malipiro a ku London kapena New York adadzaza Málaga, Valencia ndi Las Palmas, komwe akupikisana pa nyumba za lendi ndi anthu operekera zakudya m'malesitilanti.

Apa ndi pomwe pagona mkwiyo wa eni dziko. Mwini nyumba mumzinda wa alendo amapeza ndalama zambiri pobwereketsa nyumba yake kwa masiku ochepa kudzera pa Airbnb kuposa kuikamo banja kwa chaka chonse. Pa zilumba za Ibiza ndi Mallorca antchito ena a m'mahotela amagona m'magalimoto ndi m'matenti, ndipo boma limavutika kupeza aphunzitsi, anamwino ndi apolisi ovomera kutumizidwa kumeneko kaamba koti malipiro ao amathera pa lendi.

Pa 20 April 2024 anthu masauzande ambiri adachita zionetsero pa zilumba za Canary ponena kuti zilumbazo zili ndi malire. Zilumbazi, zomwe zili kufupi ndi gombe la Morocco, zili ndi anthu 2.2 miliyoni koma zimalandira alendo oposa 15 miliyoni pa chaka. Gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chake limachokera kwa alendo, komabe malipiro a kumeneko ndi ena mwa otsikitsitsa m'dziko lonse la Spain. Zionetsero zina zidatsatira ku Palma ndi ku Málaga, ndipo mu July chaka chomwecho ena mwa ochita zionetsero ku Barcelona adathira madzi alendo omwe ankadya m'malesitilanti, zithunzi zomwe zidafala kuposa madandaulo enieniwo.

Makhonsolo ndiwo adayamba kuchitapo kanthu. Mfumu ya mzinda wa Barcelona, Jaume Collboni, idalengeza mu June 2024 kuti zilolezo zoposa 10,000 za nyumba zobwereketsa alendo zidzatha mu November 2028. Khonsolo ya Málaga idaletsa zilolezo zatsopano m'madera 43 a mzindawo kuyambira mu January 2025. Mu May chaka chomwecho unduna woona za ufulu wa ogula udalamula kampani ya Airbnb kuchotsa nyumba zoposa 65,000 zomwe zinkatsatsidwa mosatsata malamulo.

Nayo nduna yaikulu Pedro Sánchez mu January 2025 idalengeza maganizo oika msonkho wofika 100 pa 100 pa nyumba zogulidwa ndi anthu a kunja kwa EU omwe sakhala ku Spain, ponena kuti anthu otere adagula nyumba 27,000 m'chaka cha 2023. Maganizowa adadzetsa nkhawa pakati pa ogula a ku Britain ndi America, koma kuti akhale lamulo ankafunika chilolezo cha nyumba ya malamulo, momwe chipani chake chidalibe aphungu okwanira pachokha.

Ziwerengero zikusonyeza kuti kutseka khomo la alendo kokha sikungathetse vutoli. Ziphaso za Golden Visa zoperekedwa kwa ogula nyumba m'zaka zonse 12 zidali masauzande owerengeka chabe. Banki yaikulu ya dzikolo, Banco de España, idati m'chaka cha 2024 nyumba zomwe zinkapelewera pakati pa 2022 ndi 2025 zidali pafupifupi 600,000. Nyumba za boma za lendi yotsika ku Spain n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi maiko monga Netherlands ndi Austria, chifukwa zambiri zomwe boma lidathandiza kumanga m'zaka zapitazo zidagulitsidwa kwa okhalamo. Kulimbana ndi mlendo wogula n'kosavuta pa ndale kuposa kumanga.

Chovuta china ndi kagawidwe ka mphamvu. Nkhani za nyumba ndi zokopa alendo zili m'manja mwa maboma a madera 17 odziyendetsa okha, osati m'manja mwa boma la ku Madrid lokha. Lamulo la nyumba la 2023 limalola kuika malire pa mitengo ya lendi, koma limagwira ntchito pokhapokha boma la dera litapempha. Dera la Catalonia lidayamba kuligwiritsa ntchito mu March 2024, pomwe madera ambiri olamulidwa ndi chipani cha Partido Popular, kuphatikizapo Andalucía, Valencia ndi zilumba za Baleares, komwe kuli obwera ochuluka, adakana ponena kuti malire oterewa amachititsa eni nyumba kuchotsa nyumba zao pamsika.