Mapiritsi a BP akamavuta, musangowasiya

Ife a mafoni ndi amene timaimbiridwa kumudzi zinthu zikasokonekera: "Mapiritsi aja akunditupitsa mapazi, ndisiye?" Yankho lathu likhoza kuteteza kholo ku sitiroko kapena kuliika pachiswe.

Matendawa ndi ofala. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno ali ndi BP yokwera. Kuipa kwake, nthawi zambiri siipweteka. Munthu akasiya mankhwala amamva bwinobwino, pomwe BP yakweranso ndipo ikuwononga mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo.

Amayi anga amakhala ku Chiringa, m'boma la Phalombe. Atayamba kumwa amlodipine, akakolo anatupa mpaka nsapato za kutchalitchi zinakana kulowa. Anansi ena anati awalodza, ena anati asiye mapiritsi azingomwa adyo ndi mandimu. Ine ndinati, "Amayi, musasiye. Mawa mupite kuchipatala, mutenge buku ndi mapiritsi onse." Ndinawatumizira ya kabaza pa Mpamba. Adokotala anawayeza, anachepetsa amlodipine n'kuwonjezera mankhwala ena, ndipo kutupako kunaphwera patapita masabata angapo.

Mankhwala aliwonse ali ndi khalidwe lake. Enalapril amabweretsa chifuwa chouma chosatherapo. HCT amakodzetsa pafupipafupi, ndipo ena amamva chizungulire akaimirira msanga. Atenolol ndiye wosafunika kusewera naye: ukamusiya mwadzidzidzi mtima umathamanga kwambiri, n'chifukwa chake adokotala amamuchepetsa pang'onopang'ono. Zambiri mwa izi zimatha posintha mtundu kapena mlingo wa mankhwala.

Koma pali nthawi yosadikira kuti kuche. Ngati milomo, lilime kapena nkhope zatupa, kapena kupuma kukuvuta mutamwa enalapril, musamwenso piritsi lina. Thamangani ku Holy Family, kuchipatala cha boma ku Migowi kapena china chapafupi. Enalapril amavulazanso mwana m'mimba, choncho mayi amene wazindikira kuti ndi woyembekezera apite msanga akamusinthire.

Foni yanuyo igwire ntchito. Jambulani paketi ya mankhwala, lembani tsiku limene vuto linayamba, ndipo sungani manambala a BP nthawi iliyonse akayezetsa. Akasintha mankhwala, funsani tsiku lobwerera kukayezetsanso, ndipo likafika muwaimbire makolo kuwakumbutsa.