Zala Sizingaweruze Chotupa cha M'bere

Mayi wa ku Namwera akamva kachotupa m'bere, anzake amayamba kumufunsa ngati kakupweteka. Funsoli limasocheretsa anthu ambiri. Khansa ya m'mawere kawirikawiri imayamba mosapweteka, pamene chotupa chowawa ndi chotentha kwa mayi woyamwitsa nthawi zambiri chimakhala mafinya chabe. Atsikana ambiri amakhalanso ndi fibroadenoma, kachotupa kosalala komwe kamaterereka pansi pa chala, ndipo kalibe vuto. Komabe ngakhale dokotala wokhwima pantchito sangalumbire pogwira pokha. Yankho lili m'maselo, ndipo njira yotsika mtengo yowafikira ndi singano.

Dokotala amagwira chotupacho ndi zala ziwiri kuti chisathawe, n'kulowetsa singano yopyapyala kuposa yotengera magazi, n'kuiyendetsa pang'ono mkatimo. Kadontho kotuluka amakapaka pa kagalasi, n'kukathira mankhwala opatsa mtundu. Pa maikulosikopu, maselo abwino amaoneka ofanana msinkhu, ogwirana mwadongosolo ngati chisa cha njuchi. A khansa amamwazikana, ena aakulu ena aang'ono, ndipo nucleus, kachinthu kapakati pa selo, imakhala yotupa, yakuda ndi yokumbikakumbika m'mbali. Kusiyanaku n'koyezeka ndithu. M'zaka za m'ma 1990, Dr. William Wolberg ndi anzake a ku University of Wisconsin anayeza ndi kompyuta maselo ochokera kwa odwala 569, mwa iwo 357 opanda khansa ndi 212 a khansa, ndipo kompyutayo inalekanitsa magulu awiriwa molondola koposa ka 95 pa 100.

Pali mantha akuti chotupa ukachibaya chimalusa n'kufalikira. Chimene chimachitika n'chakuti amayi ambiri amabayidwa matenda atakula kale, ndiye akamwalira, mlandu umagwera singano, pomwe wolakwa ndi miyezi imene inatayika. Chotsutsa chomveka ndi china. Singano ikhoza kuphonya, kapena kutenga maselo ochepa osaonetsa kanthu. Ichi n'choona, n'chifukwa chake zotsatira zake zimawerengedwa pamodzi ndi zimene dokotala wapeza pogwira komanso sikani. Zitatuzi zikasemphana, amabwereza kapena kudula kanyama ndi singano yokulirapo. Kanyamako kamaonetsanso bwino ngati khansa yalowerera mkati ndiponso ngati mankhwala a tamoxifen angathandize, zimene kadontho kokha sikanganene mokwanira. Singano yopyapyala imangosankha amene ayenera kufulumira, koma kusankha kumeneku ndiye kofunika kwa munthu wakumudzi.

Vuto lenileni la Namwera ndi kutalika kwa maso owerenga kagalasiko. Akatswiri oyeza maselo m'Malawi ndi ochepa, ndipo amapezeka makamaka ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene labotale ya pa chipatala cha Kamuzu Central inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi UNC Project. Mayi wochokera kufupi ndi Chiponde ayenera kutsika phiri kupita ku Mangochi, kenako Zomba kapena chipatala cha Queens ku Blantyre, ndalama ya thiransipoti ikuchoka pa chakudya cha ana. Ambiri amabwerera panjira. Chikhalirecho kagalasi kouma sikaonongeka msanga, ndipo kakhoza kukwera galimoto yonyamula magazi okayezedwa. Dokotala wa pa boma ataphunzitsidwa kubaya ndi kupaka bwino, mayiyo akhoza kudikira kwawo, zotsatira n'kumupeza pa foni.