ThinkPad T480: zimene eni ake anaphunzira ndalama zitatuluka kale

Munthu amene amayenda ndi laputopu m'chikwama tsiku lonse, kukwera minibasi ku Limbe, kutsikira pa Ginnery Corner, kenako wapansi mpaka ku ofesi ya kasitomala, amadziwa kuti theka la kilogalamu si masewera. N'chifukwa chake laputopu zopepuka za mainchesi 14, zimene makampani a kunja anasiya kugwiritsa ntchito, zikuyenda malonda m'masitolo a m'tauni. Ogulitsa amazitchula kuti "ex-UK", koma kunena mosabisa ndi kaunjika wa makompyuta basi. Imodzi mwa zimene zimapezeka kawirikawiri pa mashelefu ndi Lenovo ThinkPad T480, imene inatuluka mu 2018.

Imalemera pafupifupi makilogalamu 1.6. Si yapamwamba kwambiri, komanso si ya ana. Pa ntchito ya Excel, kulemba ma invoisi, misonkhano ya pa Zoom ndi kutumiza makalata a tenda, eni ake sadandaula. Kiyibodi yake ndiyo amaitama kwambiri, makamaka amene amatayipa tsiku lonse. Wofuna kukonza mavidiyo a ukwati kapena a chinkhoswe ayang'ane ina, iyi idzangomupsetsa mtima. Zija zochokera ku Britain zilinso ndi mwayi wina: pulagi ya chaja chake ndi ya mano atatu ngati ya kuno, pamene zochokera ku South Africa zimafuna adaputa.

Nkhani yaikulu ili pa batire. T480 ili ndi mabatire awiri, lina m'kati, lina kunja kwake pansi, loti munthu atha kulichotsa n'kuikapo lina kompyuta ili chiyakire. Kwa wochita bizinesi kudera kumene magetsi amathima maola angapo, zimenezi n'zamtengo wapatali. La m'kati ndi la 24Wh. La kunja lilipo la mitundu itatu: 24Wh, 48Wh ndi 72Wh. Apa ndi pamene kupepuka kuja kumanamiza anthu. Laputopu ya m'sitolo imene ikumveka yopepuka m'manja nthawi zambiri imakhala ndi batire laling'ono lija, ndipo zina zinachoka ku fakitale zopanda n'komwe batire la m'kati. Amene anakagula la 72Wh pambuyo pake amati moto umakhalitsadi, koma kompyuta imatukuka kumbuyo ndipo phewa limamva kusiyana kwake.

Komanso batire lazaka zisanu kapena kuposerapo silikhala mmene linalili. Wogulitsa akaonetsa 100% pakona ya sikirini, nambalayo ikungonena kuti batire ladzaza, osati kuti limasunga moto wochuluka bwanji. Ndowa yophwanyika nayonso imadzaza. Njira yodziwira zoona ndi yaulere ndipo sitenga mphindi ziwiri: wogula atsegule Command Prompt, alembe powercfg /batteryreport, kenako atsegule fayilo imene yatuluka. Mmenemo muli manambala awiri, Design Capacity ndi Full Charge Capacity. Yachiwiri ikakhala theka la yoyamba, ndiye kuti batire latsala pang'ono kupuma ntchito, ndipo mtengo wa latsopano uyenera kuchotsedwa pa mtengo wa laputopuyo pompo. Wogulitsa amene akukana kuti kasitomala achite zimenezi wayankha kale funso.

Chachiwiri chimene chapweteka anthu ndi polowetsa chaja. T480 imalandira moto kudzera pa USB-C, ndipo Lenovo yomwe inavomereza kuti pulogalamu yoyendetsa mbali ya Thunderbolt pa makompyuta angapo a nthawi imeneyo inali ndi vuto lotha kuwononga polowetsapo, n'kutulutsa pulogalamu yokonzera vutolo. Kompyuta imene mwini wake woyamba sanaikemo pulogalamuyo ikhoza kufika kuno ili yodwala kale. Malo olowetsa USB-C alipo awiri, ndipo onse ayenera kuyesedwa ndi chaja wogula asanatulutse ndalama. Akafika nayo kunyumba, ntchito yoyamba ikhale kutsegula Lenovo Vantage ndi kulola kuti iikemo zonse zatsopano, ngakhale bandulo ilire.

Pali msampha wina umene sukonzeka ndi ndalama yochepa. Makompyuta amenewa anali a makampani, ndipo ena amabwera ali ndi pasiwedi ya mkulu wa makompyuta mu BIOS. Laputopu imayaka bwinobwino, Windows imatsegula, munthu n'kupita nayo kwawo akusekerera. Tsiku limene adzafune kusintha kanthu mmenemo ndi pamene adzapeze chitseko chokhoma, ndipo njira imene Lenovo imadziwa ndi kusintha bolodi yonse. Kuyesa kwake n'kosavuta: poyatsa adine F1. Ikafunsa pasiwedi imene wogulitsa sakuidziwa, aibweze pa shelefu.

Nanga bwanji osangogula T470, imene imaoneka chimodzimodzi koma yotsikirapo mtengo? Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 ngati tsiku losiya kusamalira Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa nambala 8 kupita m'tsogolo. T470 ndi ya m'badwo wa 6 kapena 7. Amisiri amatha kuikakamiza Windows 11, koma imeneyo ndi njira ya kuseri. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale ma T480 ena anatuluka ndi purosesa ya m'badwo wa 7. Choncho dzina la pachivundikiro silokwanira. Nambala yoyamba pambuyo pa i5 ndiyo imanena: i5-8250U kapena i5-8350U zili bwino, i5-7300U ayi.

Ena amakopeka ndi T480s, mng'ono wake wowonda amene amalemera pafupifupi makilogalamu 1.3. Kupepukako kuli ndi mtengo wake: batire ndi limodzi lokha la m'kati, ndipo mbali ina ya RAM inawotchereredwa pa bolodi. T480 ili ndi malo awiri oikamo RAM, moti amene anayamba ndi 8GB amangowonjezera ina bizinesi ikakula, osagula kompyuta ina. Sikirini nayo ndi yofunika kuyang'ana: zilipo za 1366x768 zimene zimaoneka zotuwa, ndi za 1920x1080 zimene maso satopa nazo msanga. Ziwirizi siziyenera kugulidwa pa mtengo umodzi.

Mitengo imatsatira dola. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sabata ino sulonjeza wa sabata yamawa, choncho kufunsa masitolo atatu tsiku limodzi kumathandiza kuposa kufunsa mnzako amene anagula chaka chatha. Pa lisiti palembedwe nambala ya siriyo ya kompyutayo, kukula kwa RAM ndi SSD, ndiponso masiku a waranti. Ogulitsa ambiri amati waranti yawo sikhudza batire ndi chaja, choncho ziwirizo ziyesedwe m'sitolo momwemo.