N'chifukwa chiyani manambala a kachipangizo koyezera mpweya amavina?

Mwana akamabanika popuma, azaumoyo amamuveka pachala kachipangizo kotchedwa pulse oximeter, koyezera okosijeni m'magazi. Mwina munaonapo manambala ake akukwera ndi kutsika. Sikuti kawonongeka ayi.

Kachipangizoka kamawalitsa kuwala kofiira ndi kwina kosaoneka ndi maso kudutsa m'chala. Mbali inayo kuli kadiso kamene kamasandutsa kuwalako kukhala magetsi ochepa zedi. Magetsi sayenda ngati madzi a pampopi. Amanyamulidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa ma elekitironi, tofika mosatsata ndondomeko ngati madontho a mvula padenga la malata. Mu 1918, katswiri wa ku Germany, Walter Schottky, anafotokoza kuti kafikidwe kameneka kamabweretsa "phokoso" m'magetsi.

Chala chikazizira, magazi amafikako ochepa, ndipo chizindikiro cha kugunda kwa mtima chimafooka n'kumira m'phokoso. Mwana akamatakataka, kapena dzuwa likamawomba pa kadisoko, zinthu zimaipiratu.

Choncho funditsani dzanja la mwana, mugwireni modekha, phimbani chalacho ndi kansalu, ndipo dikirani nambala ikhazikike. Ikakhalabe pansi pa 90, mwanayo akufunika okosijeni kuchipatala, mwina ndi chibayo. Koma mukaona chifuwa chikulowa m'kati popuma, musadikire nambala, thamangani naye.